Buluku la Ankhoswe m'Chipululu cha Namibia

Ndinaphunzitsa jogalafe kusekondale kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo mutu umene ndinkaukonda kuposa yonse unali wa zipululu. Ndikuyamba ndi zimenezi kuti mukamva zimene zinandichitikira musandimvere chisoni n'kumati mkuluyu sankadziwa. Ndinkadziwa. Mapiri a mchenga ndinkawajambula pa bolodi osayang'ana m'buku, mphepo ndikuilozera ndi choko chofiira, ana a Fomu 3 ali chete kukopera. Koma chipululu chenichenicho ndinakachiona nditapuma kale pa ntchito, ndipo nachonso chinandiona ine, mbali zina za thupi langa zimene sindionetsa anthu wamba.

Zinayamba ndi Limbani, mwana wa achemwali anga a ku Bangwe. Iyeyu anaphunzira umakaniko pa galaja ina ku Chirimba, kenaka anayamba kuyenda ndi mathiraki, mpaka anakakhazikika ku Walvis Bay, tauni ya padoko m'dziko la Namibia. Atakhalako zaka zinayi anaimba foni kuti wapeza mbeta, dzina lake Magrita, wa mtundu wa Chinama, koma akwawo kwa mkaziyo akana kumva chilichonse mpaka ataona akuluakulu a kuchimuna ndi maso awo. Bambo ake a Limbani anamwalira kalekale. Malume wake ndine ndekha. Choncho Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, achemwali anafika kwathu ku Zingwangwa n'kundiuza kuti unkhoswe wandigwera, ndikonzeke, tinyamuka mu Julaye.

Chimwemwe sindinachibise. Sabata imeneyo aliyense amene anandipatsa moni pamsika wa Zingwangwa analandira phunziro laulere. Mayi wogulitsa tomato ndinamuuza kuti kumene ndikupita dzira limapsa ukangoliika pamchenga. Wometa tsitsi ndinamufotokozera za mvula imene imatha zaka osagwa (anazimitsa makina ake, kaya kuti amve bwino kaya kuti ndimalize msanga, sindikudziwa). Pakaunjika ndinasankha suti yotuwa yopyapyala, ija ya matumba anayi kutsogolo, yokulirapo pang'ono kuti mphepo izidutsa, ndi chipewa chotambalala. Akazi anga anaika jekete ndi juzi m'chikwama, ine ndinazitulutsa. Anazibwezeramo, ndinazitulutsanso, n'kuwafunsa kuti pakati pa iwo ndi ine anaphunzitsa jogalafe ndani. Anapinda zovalazo bwinobwino n'kukaziika m'kabati, ndipo pamalo pake ine ndinaikapo mabotolo a madzi.

Tinayenda masiku atatu pa basi, kudzera ku Lusaka. Za ulendowo palibe zambiri zoti ndinene, kupatula kuti achemwali anagona njira yonse ndipo ine ndinasowa womuuza mayina a miyala.

Tinatsika ku Walvis Bay m'mawa, koma chimene chinatilandira si dzuwa. Inali nkhungu yochokera kunyanja yaikulu, yonyowa, yozizira, yolowa mpaka m'mafupa. Chiperoni chathu cha ku Blantyre kuno ndi masewera. (Za nkhungu imeneyi zinalimo m'buku, pansi pa tsamba, ndime ija ndinkaidumpha chifukwa siinkabwera pa mayeso.) Limbani anadzatichingamira atavala chijasi ndi chipewa chaubweya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati chikwama china chatsalira m'basi. Ndinamuuza kuti ayi, thupi la munthu limazolowera nyengo pakangopita maola ochepa. Ndinkayankhula mano akugundana.

Tsiku lotsatira Magrita anatitenga kukaona Swakopmund, tauni yakale imene anamanga Ajeremani. Magrita ndi mkazi wodekha, wamaso oona zambiri, ndipo amagwira ntchito pa fakitale ya nsomba. M'njira anatisonyeza mbalame zofiirira za miyendo italiitali zitaima m'madzi osaya, zambirimbiri ngati mwambo wa ukwati. Tauniyo ndi yodabwitsa. Nyumba zake ndi zansanja, madenga osongoka ngati akuyembekeza mvula yamphamvu, pomwe mchenga wafika kumapeto kwa msewu. Pali nsanja yowunikira zombo, ndi mlatho wakale wolowera m'nyanja umene suwolokera kulikonse. Ine ndinalowa nyumba ina iliyonse imene chitseko chake chinali chotsekula: tchalitchi, sitolo ya mabuku, nyumba yosungiramo zinthu zakale. Magrita anauza Limbani kuti sanaonepo munthu wokonda mbiri yakale ngati amalume ake. Zoona zake n'zakuti m'katimo munali mofunda. Pa ngolo ina yakale yokokedwa ndi ng'ombe ndinaimapo nthawi yaitali ndithu, dzanja lili pachibwano, chifukwa pambali pake panali chotenthetsera m'nyumba. Achemwali anandipatsa chitenje, ndinachikana pamsewu. M'galimoto ndinachilandira, kuti chingophimba maondo.

Madzulo a tsikulo ndinapeza zinthu ziwiri pabedi langa: chijasi cha Limbani ndi ovolosi yake ya kugalaja, yabuluu, yokhuthala, yochapa koma yonunkhirabe dizilo. Limbani anangoziika n'kutuluka. Chijasi ndinachibweza, poganiza kuti nkhoswe sangakaime pamaso pa akuchikazi atavala chobwereka kwa mphwake, manja ake ofika m'zala. Koma ovolosi ndinaiyang'ana kawiri. Ovolosi ikhoza kulowa m'kati. M'mawa wa tsiku la chinkhoswe ndinaivala, pachifuwa ndinayalapo nyuzipepala ziwiri, pamwamba n'kuvala suti yanga yotuwa. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dzikomo ndinamva kufunda. Achemwali anati ndanenepa m'masiku awiri okha. Ndinati ndi nsomba.

Kwawo kwa Magrita ndi kumtunda, kutali ndi nyanja, m'mbali mwa mtsinje wopanda madzi, wa mchenga ndi mitengo yokhayokha. Tinapita pa pikapu imene Limbani anabwereka kuntchito. Mbali imodzi ya mtsinjewo ndi chigwa cha timiyala chopanda mapeto, kumene tinaona nthiwatiwa zitatu zikuthamanga ngati zachedwa kumsonkhano. Mbali inayo ndi mapiri a mchenga wofiira, ataliatali, ondondozana mpaka kumene maso amalekezera. Ndinawalozera achemwali n'kuyamba kufotokoza mmene mphepo imawaumbira, koma ndinalekeza panjira, chifukwa ndinazindikira kanthu kena. Nkhungu ija inali itatsalira kumbuyo ngati wina waidula ndi mpeni. Dzuwa linali litatuluka, ndipo mphepo imene inkalowa pa windo inali yotentha ngati yochokera mu uvuni wa sikono.

Limbani anali atatichenjeza kuti kumeneko akuchimuna salowa m'mpanda mwachisawawa. Mumaima kunja kwa geti, eni mwana amakufunsani mafunso, ndipo geti limatsekuka pokhapokha akakhutira. Mudziwo unali wa nyumba zochepa za malata ndi matabwa, khola la mbuzi, ndi abulu awiri ataima pamthunzi. Wofunsa mafunso anali mayi Sofiya, azakhali ake a Magrita, mayi wamfupi wowuma thupi, atavala diresi lalitali losokedwa ndi tizigamba ta mitundumitundu. Anakhala pampando m'kati mwa mpanda, bambo ake a Magrita ali pambali pawo. Akamayankhula Chinama okhaokha mawu ankathetheka m'kamwa ngati chimanga chokazinga. Kwa ife ankayankhula Chiafirikanzi, Limbani n'kumamasulira.

Anafunsa kuti ndife ndani, tinadziwa bwanji kuti pakhomopo pali mwana wamkazi, mwana wathu amamwa kapena ayi, ndipo Magrita akadzadwala kutali ndi kwawo adzamusamala ndani. Ola loyamba ndinayankha bwino, ngakhale ndikudzinenera ndekha. Ola lachiwiri thukuta linayamba kutsika kumsana ngati mpopi wa pakiyosiki. Nyuzipepala zija zinasanduka phala pachifuwa. Fungo la dizilo linayamba kutulukira pakhosi, ndipo ndinaona bambo ake a Magrita akuyang'ana pansi pa pikapu ngati ikudontha. Achemwali anandinong'oneza kufunsa ngati malungo andiyamba. Ndinapukusa mutu. Nditayankha funso lina ndi yankho la funso lapitalo, mayi Sofiya anati tiyambe tapuma, ndipo anatitumizira madzi kunja komweko.

Ndinauza Limbani kuti ndikufuna kupita pambali. Anandilozera chimbudzi, koma chinali m'kati mwa mpanda, chitseko chake chofika pachifuwa, ndipo pafupi pomwepo azimayi ankaphika. Simungavule ovolosi pamalo otero popanda mudzi wonse kuona mapewa abuluu. Ndiye ndinasintha mawu, ndinati monga mphunzitsi ndikufuna ndikaone phiri la mchenga pafupi, mphindi zisanu zokha.

"Ankolo, musapite kutali," anatero Limbani. "Mapiriwa amafanana."

Ndinamuuza kuti mapiri amenewa ndinayamba kuwadziwa iye asanabadwe.

Ndinawoloka mtsinje wouma uja, n'kukwera phiri loyamba, n'kutsikira kuseri kwake. Kunalibe munthu, kunalibe phokoso. Pansi pake panali chitsamba chaminga chopanda masamba, chokhala ndi zipatso zonga timaungu. Ndinavula nsapato (miyendo ya ovolosi siidutsa pa nsapato), ndinavula jekete la suti ndi buluku n'kuziyanika pachitsambapo, kenaka ovolosi, kenaka ndinamatula nyuzipepala. Pachifuwa panga panatsala zilembo zoyang'ana chammbuyo, nkhani ya mpira wa dziko la eni. Ndinatsala ndi kabudula wam'kati, sokosi ndi chipewa. Mpumulo umene ndinaumva sindingathe kuufotokoza. Ndinakwera pang'ono pamtunda kuti mphepo indiume, manja nditatambasula, maso nditatseka.

Nditatsekula maso, pachitsamba paja panali pataima nyama. Inali yonga mphalapala, yotuwa, nkhope yake yopakidwa zoyera ndi zakuda, nyanga ziwiri zowongoka, zazitali kuposa mkono wanga, zosongoka ngati mikondo. M'mabuku timaitcha oliksi. Ndinkaidziwa bwino, chifukwa chaka chilichonse ndinkauza ana kuti nyama imeneyi ikapsa mtima imabaya ngakhale mkango. Inaima pakati pa ine ndi buluku langa, ikutafuna, ikundiyang'ana.

"Chokani," ndinatero, motsitsa mawu. (Sindikudziwa chifukwa chimene ndinaipatsira ulemu, koma zinangotuluka choncho.)

Nyamayo inaweramitsa mutu, nyanga zija n'kuloza kumene ndinali. Ine sindinadikire kuti ndione chotsatira.

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudzanso ziwiri, ndipo ndinali ndisanathamangepo chiyambire pamene ndinasiya kuyang'anira masewera kusukulu. Ndinakwera phiri limodzi, ndinagubuduka kutsika linzake, ndinakweranso lina. Sokosi imodzi inatsalira panjira. Pamene mpweya unandithera ndinaima n'kucheuka. Nyama kunalibe. Chitsamba kunalibe. Kutsogolo mchenga, kumbuyo mchenga, ndipo mapiriwo, monga ananenera mwana uja, ankafanana.

Apa ndinadziuza kuti munthu wophunzira sachita mantha, amaganiza. Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana mthunzi wanga, n'kujambula mapu pamchenga ndi chala: mtsinje apa, mudzi apa, kumpoto uku. Mapuwo anali okongola. Ndinatsata muvi wake molimba mtima. Mchenga unkawotcha kwambiri moti ndinkayenda pang'ono n'kuima, phazi lopanda sokosi nditaliika pa chipewa, kenaka n'kubweza chipewa kumutu chifukwa dazi nalo linkapsa. Patapita nthawi ndinamva tambala akulira cha kumanzere kwanga, ndiponso kaphokoso konga chivundikiro cha poto. Ndinakumbukira zimene ndinkaphunzitsa, kuti munthu ludzu likamukwana m'chipululu amayamba kuona ndi kumva zinthu zimene palibe. Ndinadziyamikira kuti ndazizindikira msanga, ndipo ndinakhotera kumanja kuti zisandinyenge.

Kenaka nzeru zinatha. Ndinagwada n'kupemphera. Kunena zoona, imfa siinkandivuta kwambiri ngati chilengezo chake. Ndinkaona mlembi wa mpingo wathu ku Zingwangwa ataimirira kutsogolo, akufotokoza mmene anandipezera ndi zimene ndinavala, kwaya ikuyesetsa kuyang'ana pansi.

Ndikadali chogwada, pamwamba pa phiri panatulukira duku, kenaka diresi la tizigamba. Anali mayi Sofiya, okha, akuyenda mosafulumira, maso ali pansi ngati munthu wowerenga kalata. Padzanja limodzi anali atakoleka suti yanga yopinda bwino, dzanja linalo nsapato ndi sokosi ija. Ovolosi inali paphewa. Sanaseke. Anandipatsa botolo la madzi, anaika zovala pansi, n'kutembenuka kuyang'ana kutali mpaka nditamaliza kuvala. Ovolosi sanandibwezere. Kenaka anayamba kuyenda, ine pambuyo. Tinakwera phiri limodzi lokha, ndipo pansi pake panali mtsinje, khola, abulu, ndi tambala uja ali pamwamba pa ngolo.

Ndinkayembekeza kuti nkhaniyo ithera pakati pa anthu awiri achikulire. Koma mayi Sofiya analowa m'mpanda, anakhala pampando wawo, anayala ovolosi pamiyendo, n'kuyamba kuyankhula. Anayankhula nthawi yaitali, mofatsa, dzanja likusonyeza kukwera ndi kutsika.

"Tamasulira," achemwali anauza Limbani.

Limbani anamasulira akuyang'ana nsapato zake. "Akuti anatsata mapazi. Akuti nyama ija imabwera tsiku lililonse kudzadya zipatso za pachitsamba paja, ndipo inaweramira chipatso. Ankolo atathawa, nayonso inathawa, iwo kwawo iyo kwake, koma iyo siinapite patali ngati iwo. Akuti pena ankolo anagubuduka, pena anaima ndi mwendo umodzi, pena anajambula chithunzi chimene iwo sanachimvetse. Akuti anafika pafupi ndi mudzi, kenaka anautembenukira msana. Pamenepo akuti sakumvetsa."

Ndinafotokoza za tambala ndi ludzu. Limbani anandiyang'ana ngati akundipempha kuti asamasulire, koma anamasulira. Amuna onse anayang'ana pansi. Mayi mmodzi mwa ophika aja anasiya mthiko n'kulowa m'nyumba, ndipo tinamva malata akunjenjemera.

Achemwali anandiyandikira n'kunena pang'onopang'ono, "Achimwene, mwamuthetsera mwana banja." Ndinayang'ana Limbani. Anali ataima, manja ali kumbuyo, ndipo pa windo la nyumba ina ndinaona Magrita atagwira nsalu yotchinga. Munthu anali atadikira zaka, anatilipirira ulendo wa masiku atatu kuti tikamuimirire, ndipo chimene akuchikazi anaona ndi malume wothawa tambala. M'mchenga muja ndinali ndi mantha, koma apa m'pamene mtima unandiwawa.

Mayi Sofiya anakweza ovolosi n'kufunsa kuti mwini wake ndani. Limbani anati ndi yake. Anafunsa chifukwa chimene amalume anaivalira m'kati. Panalibenso chobisa, choncho ndinayankha ndekha kuti ndinazizidwa chifikireni, ndinakana kunyamula zofunda pochoka kwathu, ndipo ndinkachita manyazi kuvomera. Anatembenukira kwa Limbani n'kumufunsa ngati ine ndinamupempha chovalacho. Iye anati ayi, anangoona kuti ndikunjenjemera, ndiye anakachiika pabedi.

Kenaka mayi Sofiya anayankhula Chinama ndi bambo ake a Magrita, mawu ochepa, bamboyo n'kugwedeza mutu. Anaimirira, anapita pa geti, n'kumasula waya ndi manja awo. Zimene ananena potsekula, Limbani anachedwa kuzimasulira.

"Akuti mwamuna amene amaona wamkulu akuzizidwa, n'kumufunditsa osamuchititsa manyazi, akhoza kusunga mwana wawo." Kenaka anapitiriza. "Akutinso ankolo akhale pamthunzi apo, ndipo asapite kulikonse osauza munthu."

Ndinakhala pamthunzipo tsiku lonse. Anapha mbuzi, anaimba nyimbo zawo, achemwali anavina ndi azimayi a pamudzipo ngati anakulira limodzi. Ine mapazi anali atatuluka matuza, ndipo mayi Sofiya anatumiza mafuta a njere za zipatso zomwe zija kuti ndipake. Nthawi iliyonse ndikasuntha pampando, wina ankadzuka n'kundifunsa mwaulemu kumene ndikupita. Ngakhale kuchimbudzi chija, chimene ndinachikana poyamba, ndinapita ndi wondiperekeza.

Pobwerera, m'basi, achemwali analonjeza kuti nkhaniyi ithera m'chipululu momwemo, ndipo ndikukhulupirira kuti anauza munthu mmodzi yekha, mnzawo wa kukwaya ku Bangwe. Kungoti nkhani ikakwera minibasi ku Bangwe imasintha ku Limbe, n'kusinthanso m'tauni. Pofika ku Zingwangwa oliksi uja anali atasanduka mkango, mayi Sofiya anali atandibereka kumsana, ndipo kabudula wam'kati panalibe. Za mkangozo ndimangozisiya, sizindipweteka. Za kabudula ndiye ndimazikonza paliponse pamene ndazimva, ngakhale pamaliro, chifukwa munthu ayenera kukhala ndi poimira.

Anzanga ena amati ulendowu unandiphunzitsa kudzichepetsa. Mwina. Ine chimene ndingakutsimikizireni n'chochepa kuposa pamenepo: mukafuna kuvula kutchire, yambani mwayang'ana mbali zonse, buluku likhale m'manja, ndipo mukamva tambala akulira, pitani kumene akulirira.